Sebastián Abreu

Abreu, Sebastián: wosewera mpira wamiyendo wakale wa ku Uruguay, womwetsa zigoli, wodziwika chifukwa chosewerera matimu 31 m'mayiko 11.

Anabadwa pa 17 Okutobala 1976 mumzinda wa Minas. Anayambira ku Defensor Sporting ya ku Montevideo, napita ku San Lorenzo ku Argentina, ndipo mu 1998 anagulidwa ndi Deportivo La Coruña ya ku Spain. Timuyi inkangomubwereketsa kwina, ndipo kuyendayenda kwake kunayambira pamenepo. Ku Mexico anasewerera Cruz Azul, América, Monterrey ndi Tigres. Pambuyo pake anasewerera River Plate, Beitar Jerusalem, Real Sociedad, Aris ya ku Greece ndi Botafogo ya ku Brazil. Kumapeto kwa 2017, atalowa Audax Italiano ya ku Chile, timu yake ya 26, buku la Guinness linamulemba kuti ndiye wosewerera matimu ambiri, kuposa goloboyi wa ku Germany Lutz Pfannenstiel. Anatsanzika mpira mu 2021 ali ku Sud América, ndi zaka 44.

Timu ya dziko lake anaisewerera masewero 70 n'kumwetsa zigoli 26, ndipo anali m'gulu lomwe linatenga Copa América mu 2011. Pa 2 Julayi 2010 ku Johannesburg, m'makotafainolo a World Cup, anamenya penate yomaliza yomwe inatulutsa Ghana. Anangounyamula mpirawo pang'ono kudutsa pakati pa golo, goloboyi atadziponya kumbali. Kamenyedweka kamatchedwa panenka, kuchokera pa dzina la Antonín Panenka wa ku Czechoslovakia.

Dzina lamasewera: El Loco, kutanthauza "wamisala". Nambala ya jezi: 13.