M'mene Ciphunzitso ca Buddha Cinakomanirana ndi ca Tao m'Dziko la China

Pophunzitsa mbiri ya maiko akutali, ife aphunzitsi tinazolowera kuchula mafumu ndi nkhondo zao, ndi kuiwala kuti mau naonso amayenda ulendo. Nkhani imene ndifuna kukamba ndi inu, aphunzitsi a mawa, ndi ya ziphunzitso ziwiri za kum'mawa, cina cobadwira ku China, cina ku India, zimene zinakomana pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Zonse ziwiri zinafunsa kuti, nanga n'cifukwa ninji mtima wa munthu sukhuta cinkana nkhokwe yace iri yodzaza? Mayankho ao anali osiyana, koma anthu a ku China anatha zaka mazana angapo akuyesa kuti ndi amodzi, ndipo cinawasokeretsa ndico mau a omasulira.

Tiyambe ndi eni dziko. Kuyambira caka ca 475 kufikira 221 B.C. dziko la China linali logawikana m'maufumu amene analikumenyana kosalekeza. Misonkho inakula, ndipo anyamata anacotsedwa m'minda kuti akagwire mikondo. M'nyengo yoteroyo munaoneka kabuku kochedwa Daodejing, ka mitu 81 ndi zilembo ngati 5,000. Mwambo umati anakalemba ndi mkulu wina dzina lace Laozi, wosunga makalata a ku bwalo la mafumu a Zhou, amene atatopa ndi kuipa kwa dziko ananyamuka kulinga kumadzulo, ndipo mlonda wa pa malire anamuumiriza kuti ayambe walemba nzeru zace asanapitirire. Anatisungira nkhaniyi ndi Sima Qian, wolemba mbiri wa m'zaka za pafupi ndi 100 B.C., koma akatswiri ambiri ayesa kuti kabukuko n'kosonkhanitsa mau a anthu angapo. M'caka ca 1993 ofukula zakale anapeza zigawo zace ku Guodian, zolembedwa pa timapande ta nsungwi, m'manda a pafupi ndi 300 B.C.

Liu lakuti Tao, kapena Dao, litanthauza njira, ndiyo mayendedwe a zinthu zonse pamene palibe wozikakamiza. Pambali pace pali liu lina, wuwei, limene tingalimasulire kuti kucita kosaumiriza. Si ulesi ai. Ndi monga acita mlimi wodziwa nyengo, amene sakoka mmera kuti ukule msanga. Pa nkhani ya cilakolako, a Tao sanatsutse njala ya m'mimba, pakuti iyo imatha munthu akadya. Anaopa njala ya maso ndi ya ulemu, imene imakula ukamaidyetsa. Kwa iwo wolemera ndiye wodziwa polekera.

Mphunzitsi wao wina, Zhuangzi, wa m'zaka za m'ma 300 B.C., anakonda kuphunzitsa ndi nthano. Akuti tsiku lina alikuwedza nsomba mu mtsinje wa Pu, anafika amithenga awiri a mfumu ya Chu kudzampatsa udindo waukulu. Iye osaceuka, anawakumbutsa za kamba wina amene anafa kalekale, amene cigoba cace mfumuyo inacikulunga m'nsalu ndi kucisunga m'kacisi; nawafunsa ngati kambayo akadasankha ulemu umenewo kapena kukhala wamoyo ndi kukwawa m'matope. Amithenga anabvomera kuti akadasankha matope, ndipo Zhuangzi anawauza kuti abwerere kwao, iye atsala m'matope mwace.

Ku India zinthu zinayenda mwina. Siddhartha Gautama, wobadwira ku Lumbini, dziko limene lero liri m'Nepal, anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 500 kapena 400 B.C. Analawa moyo wa mwana wa mfumu, nalawanso moyo wodzizunza ndi njala, napeza kuti zonse ziwiri n'zosathandiza. Ataunikiridwa anachedwa Buddha, ndiko kuti wogalamuka, ndipo anayamba kuphunzitsa ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi. Gwero la mabvuto analicha tanha, liu lotanthauza ludzu. Apa ndipo pali kusiyana. A Tao anati cepetsa zofuna zako, ukhale nthawi yaitali pa dziko lino mwamtendere. Buddha anati ludzulo ndilo limabwezera munthu ku kubadwa ndi kufa kosatha, ndipo liyenera kuzimiratu monga uzima moto ukasowa nkhuni; kuzimako ndiko nirvana. Cida cace cacikulu cinali kukhala cheru: kudziwa kuti ulikupuma pamene ulikupuma, kudziwa kuti ulikudya pamene ulikudya, ndi kuona cilakolako cikamatuluka mu mtima, usanacitsate.

Ciphunzitsoci cinalowa m'China ndi amalonda oyenda m'njira za m'cipululu za pakati pa Asia. Kalata ya mfumu Ming ya caka ca 65 A.D. imachula mbale wace Liu Ying, amene anali kulemekeza Laozi ndi Buddha pamodzi. M'caka ca 148 anafika ku Luoyang mlendo wa ku Parthia, An Shigao, nayamba kumasulira mabuku, ndipo lina mwa iwo linali la kuwerenga mpweya popuma.

Tsono taonani bvuto la womasulira. Cinenero ca ku India ciri ndi mau atali osinthasintha mathero. Ca ku China ciri ndi timau tatifupi tosasintha, ndipo cinalibe mau a zinthu zimene eni ace sanaziganizepo. Omasulira oyamba anacita cimene acita mlendo ali yense wosowa khasu: anabwereka kwa mnansi. Kugalamuka kwa Buddha anakucha dao, ndipo nirvana anaicha wuwei. Mau obwerekawo anatsegula makomo, pakuti owerenga anamva ngati alikumva za kwao. Koma liu lobwereka limabwera ndi katundu wace. Munthu wowerenga wuwei anaganiza za nkhalamba yopha nsomba pa mtsinje, osati za kutha kwa kubadwanso. Pofika caka ca 166 inali itamveka kale mbiri yakuti Laozi, pa ulendo wace uja wa kumadzulo, anakafika kwa alendo nasanduka Buddha. Ndipo mkangano wa nkhani imeneyi unatha zaka zoposa 1,000. Inu amene mudzaimirira pamaso pa ana ndi kumasulira mau a m'mabuku a masamu ndi a zacilengedwe mudzakomana nalo bvuto lomweli: liu la kwathu limamveka msanga, koma nthawi zina cimene mwana wamva si cimene mwanena.

Woyamba kudandaula kwambiri anali mmonke Dao'an, amene anamwalira mu 385. Iye anaona kuti kufanizira mau a Buddha ndi a mabuku a ku China kulikupotoza ciphunzitso. Nchito yokonza inakula pamene Kumarajiva wa ku Kucha anafika ku Chang'an m'caka ca 401. Iyeyu anagwira nchito ndi amonke mazanamazana, namasuliranso mabuku amene anali atamasulidwa kale. M'kupita kwa nthawi wuwei anabwezedwa kwa eni ace, ndipo nirvana anangoilemba monga imvekera, niepan. Ine ndiona kuti onse awiri anacita bwino pa nyengo yao. Popanda obwereka aja, Kumarajiva sakadapeza omvera.

Cinkana mau analekanitsidwa, mitima inali itasanganikirana kale. M'nyengo ya mafumu a Tang munakula gulu la Chan, limene ku Japan licedwa Zen. Amonke a ku India anali kudya zopempha, cinthu cimene alimi a ku China sanacione bwino. A Chan anaika nchito ya manja pakati pa moyo wao, nati kukhala cheru kuja kucitike potunga madzi, potema nkhuni ndi polima. Za Baizhang, amene anamwalira mu 814, amasimba kuti atakalamba ophunzira ace anambisira zida zolimira pomcitira cifundo, ndipo iye anakana kudya kufikira atambwezera.

Komatu mbiri siibisa manyazi a munthu. Ciphunzitso cothetsa ludzu cinalemera koopsya. Nyumba za amonke zinalandira minda, mphero ndi akapolo. Zinakongoza ndalama pa ciongoladzanja, ndipo amonke sanali kukhoma msonkho. M'caka ca 845 mfumu Wuzong, wokonda ansembe a Tao, analamula kuti nyumbazo zipasulidwe. Malemba a boma amati zinagwetsedwa nyumba zazikulu 4,600 ndi tiakacisi 40,000. Amonke aamuna ndi aakazi 260,500 anabwezedwa ku midzi kuti azikakhoma msonkho, pamodzi ndi akapolo 150,000. Mabelu ndi mafano a mkuwa anasungunulidwa kukhala ndalama, a citsulo kukhala zida zolimira. Mmonke wa ku Japan, Ennin, anali ku Chang'an m'zaka zimenezo, ndipo analemba zimene anaona m'buku lace la ulendo.

Wuzong mwini wace anali ndi ludzu lina, la kusafa. Ansembe ace, amene anali atacoka kutali ndi kamba wa Zhuangzi, anali kumpangira mankhwala a moyo wosatha osanganiza ndi miyala yaululu. Anamwa, nayamba kuonda ndi kupsya mtima, namwalira m'caka ca 846 asanakwanitse zaka 33. Mfumu Xuanzong imene inalowa m'malo mwace inapha mtsogoleri wa ansembewo, Zhao Guizhen, nilola kuti nyumba za amonke zimangidwenso. Magulu amene anadalira minda yaikulu ndi mosungira mabuku sanabwererenso mwakale. A Chan, ozolowera khasu, anacira msanga.