Munda sukhala chikole: mbiri ya ngongole ku Tsangano ndi Macanga

Mlimi wa kachewere ku Tsangano amatha kudzaza lole nthawi yokolola. Mnzake wa fodya ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, amatha kumanga nyumba ya njerwa zootcha n'kufolera malata. Koma onsewa akafika kubanki kukapempha ngongole, funso loyamba lomwe ndi limene limawabweza: chikole chanu n'chiyani? Gwero la vutoli lili m'mbiri ya dziko la Mozambique.

Dzikoli litalandira ufulu pa 25 June 1975, boma la Samora Machel linalengeza kuti nthaka yonse ndi ya boma. Mu February 1976 linatenganso nyumba za lendi, ndipo pofika kumapeto kwa 1977 mabanki ambiri omwe sanali aboma anali atalandidwa. M'malo mwake munabadwa Banco Popular de Desenvolvimento, yomwe ndalama zake zaulimi zinkathera kwambiri kuminda ya boma ndi makopaletivi. Mlimi wa khasu sanali m'kaundula wa okongozedwa.

Kenaka inadza nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Midzi yambiri ya m'malire inasanduka mabwinja, eni ake atathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera kwawo ali ndi makwacha m'thumba, poti misika yomwe ankaidziwa inali ya ku Malawi. Banki kunalibe. Wofuna ndalama ankadalira achibale, mavenda ogula mbewu isanakhwime, kapena katapila.

Amene anayamba kukongoza alimi mwaunyinji anali makampani a fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, n'kudzadula ndalama zake pogula fodya. Chikole apa ndi fodya ali m'munda. Njirayi yamangitsa nyumba zambiri ku Macanga, koma mlimi amagulitsa kwa yemwe anamukongoza, ndipo mphamvu yake yokambirana mtengo imachepa.

Nanga munda? Lamulo la nthaka la 1997 linachita chinthu chachikulu povomereza kuti wolima malo a makolo ake, kapena wokhala pamalo mwachilungamo kwa zaka 10, ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale alibe pepala. Ufuluwu ndi umene umatchedwa DUAT. Komabe malamulo aakulu a dzikoli amaletsa kugulitsa nthaka kapena kuipereka ngati chikole. Chololedwa ndi nyumba kapena zomanga zina, ndipo banki imafuna kuti zikhale zolembetsedwa, zomwe nyumba zambiri zakumudzi zilibe.

Poona kuti mabanki aakulu aunjikana m'mizinda, boma linakhazikitsa lamulo la mabungwe ang'onoang'ono okongoza ndalama mu 2004. Linasiyanitsa mabanki ang'onoang'ono ndi makopaletivi a ngongole, omwe amayang'aniridwa mosamalitsa ndi banki yaikulu ya dzikoli, Banco de Moçambique, chifukwa amasunga ndalama za anthu, ndi okongoza ena ang'onoang'ono omwe amangolembetsa n'kumapereka malipoti ochepa. Nzeru yake inali yoti katundu wa bulu sasenzetsa mbuzi.

Mu 2006 Pulezidenti Armando Guebuza anayambitsa thumba la mametikali 7 miliyoni pa boma lililonse. Ambiri omwe anakongola sanabweze, ndipo madandaulo a kukondera posankha olandira anamveka m'dziko lonse. Mu 2016 Pulezidenti Filipe Nyusi anakhazikitsa ndondomeko ya Um Distrito, Um Banco, yofuna kuti boma lililonse likhale ndi banki. Mu 2018 kunadza lamulo lolola katundu wosunthika, monga ng'ombe, makina ndi zokolola, kukhala chikole cholembetsedwa. Pakadali pano njira zotumizira ndalama pa foni za M-Pesa ndi e-Mola zafika kumene nthambi za banki sizinafike, ndipo magulu osunga ndi kubwereketsana, omwe kutsidya kwa malire amati banki m'khonde, ndiwo akugulira mabanja ambiri malata ndi simenti.

Funso la kuchuluka kwa malipoti oyenera kuperekedwa ndi okongoza ang'onoang'ono silili kuno kokha. Ku America, lamulo la 1975 linakakamiza okongoza ndalama za nyumba kuulula ngongole zomwe apereka ndi madera ake, pofuna kuthana ndi tsankho. Mu 2018 analifewetsa kwa mabanki ndi makopaletivi opereka ngongole za nyumba zosafika 500 pachaka. Ena anakondwa kuti ntchito yapepuka, ena anadandaula kuti tsankho libisala.

Mbiri ya Tsangano ndi Macanga ikuphunzitsa mbali zonse ziwiri. Mapepala akachuluka, kopaletivi ya alimi singathe kulipira akatswiri owerengera ndalama, ndipo imafa isanakule. Koma kumene kulibe kaundula womveka, monga zinachitikira ndi thumba la 7 miliyoni, ndalama zimasowa ndipo wosauka ndiye amatsala. Banco de Moçambique ipeputse malipoti a okongoza ang'onoang'ono, koma isalole kuti asiye kulemba amene wakongola, chiwongoladzanja chake, ndi amene wakanizidwa. Nalo boma lifulumize kulembetsa nyumba zakumudzi, kuti thukuta la mlimi lizivomerezeka pakhomo la banki.