Melaka: mzinda wa Amalayi, miyala ya Azungu

Alendo ambiri akafika ku Melaka, m'dziko la Malaysia, amathamangira kukajambulitsa pa chipata chakale cha miyala chotchedwa Porta de Santiago. Dzinali n'lachipwitikizi, ndipo mphunzitsi wa ku Tete kapena ku Niassa sangavutike nalo. Chipatachi ndicho chinatsala pa linga la A Famosa, limene Afonso de Albuquerque anamanga atalanda mzindawu mu 1511. Adatchi analilanda mu 1641, kenako Angelezi analigumula mu 1807.

Pa kaphiri ka kuseri kwa chipatacho pali bwinja la tchalitchi cha St Paul, chomangidwa mu 1521. Francisco Xavier, amene anakhala miyezi ingapo pa Ilha de Moçambique popita ku India, anaikidwa m'tchalitchimo kwa kanthawi mu 1553, mtembo wake usanatengedwe kupita ku Goa. Nthawi imeneyo Melaka ndi Ilha ankalamulidwa kuchokera ku Goa komweko. M'munsi mwa kaphiriko muli Stadthuys, nyumba yofiira ya bwanamkubwa wa Adatchi.

Woyenda ndi maso okha angaganize kuti mzindawu anauyambitsa ndi Azungu. Ayi ndithu. Anauyambitsa cha m'ma 1400 ndi Parameswara, kalonga wochokera ku Sumatra, ndipo mafumu otsatira, amene anali Asilamu, anausandutsa doko lalikulu la malonda. Ngalawa za ku Gujarat, ku Java ndi ku China zinkaima pamenepo miyezi yambiri kudikira kuti mphepo itembenuke. Tomé Pires, Mpwitikizi amene anakhalako mzindawu utangolandidwa, analemba kuti padokopo pankamveka zinenero 84. Chimene chinkagwirizanitsa anthu onsewa pamsika chinali Chimalayi.

Nanga nyumba za mafumuwo zili kuti? Amalayi ankamanga ndi matabwa, ndipo matabwa sapirira moto, mvula ndi chiswe. Miyala yochepa imene inalipo, ya mzikiti waukulu ndi ya manda a mafumu, Apwitikizi anaigwetsa n'kumangira linga lawo. Nyumba yachifumu imene alendo amalowamo lero inamangidwa m'zaka za m'ma 1980, potsatira mmene buku la Sejarah Melayu limafotokozera nyumba ya Sultan Mansur Shah. Bukuli linalembedwa m'Chimalayi ndi zilembo zachiarabu, monganso mafumu ena a kumpoto kwa Mozambique ankalembera makalata awo. Choncho nyumbayo inasungika m'chinenero kwa zaka mazana ambiri amisiri asanaibwezere pansi. Mwina ndiyo malo ofunika koposa mu mzindamo, ngakhale kuti ambiri amaidutsa mofulumira poti si yakale.

Zachilengedwe nazo zili ndi nthano zake. Phiri la Gunung Ledang, m'malire a Johor, ndi lalitali mamita 1,276, ndipo Amalayi amalidziwa ndi nthano ya mwana wamkazi wachifumu amene anakana sultani wa Melaka pomuikira malowolo osatheka. Ku Tanjung Tuan, kumene Apwitikizi anakutcha Cabo Rachado, anthu amasonkhana mu Marichi kudzaona mbalame za mtundu wa akabawi zikuoloka nyanja kuchokera ku Sumatra.

Chinenero cha mafumu ogonja aja lero ndicho cha boma ndi cha m'sukulu za boma ku Malaysia, ndipo Chiindoneziya chinaphuka pa tsinde lomwelo. Cha ogonjetsa chinatsalira kwa asodzi a ku Ujong Pasir, m'mudzi wotchedwa Portuguese Settlement umene unakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930. Kumeneko amalankhula Kristang, chinenero cha mawu achipwitikizi koma kasanjidwe kotsamira ku Chimalayi. Mu Juni amadalitsa maboti pa chikondwerero cha San Pedro, alendo n'kudzaza malo odyera. Kristang sichiphunzitsidwa m'sukulu za boma. Agogo akuchilankhulabe, koma adzukulu ambiri amawayankha m'Chingelezi.