Ndani Anayamba Kumvetsera Holo Isanamangidwe?

FUNSO: Tchalitchi chathu kuno ku Vubwi ndi cha njerwa, pansi simenti, pamwamba malata. Kwaya ikaimba zimakoma, koma abusa akayamba kulalikira, ife akumbuyo timangomva kulindima. Mdzukulu wanga akuti kompyuta imadziwiratu mmene nyumba idzamvekere isanamangidwe. Zimenezi zinayamba bwanji? Wowerenga, Vubwi.

YANKHO: Mdzukulu wanuyo sakunama, bambo. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo akagunda khoma lopaka pulasitala kapena malata amabwerera. Obwererawo akachedwa kuzilala amasakanikirana ndi amene akutuluka kumene pakamwa. Nyimbo imakoma nazo, koma ulaliki umasokonekera. Ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba vutoli kulibe, chifukwa pabwalo palibe makoma obweza mawu.

Woyamba kuyeza zimenezi mwadongosolo anali Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard, ku America. Mu 1895 anamupempha kukonza chipinda chophunzitsira m'nyumba ya Fogg, mmene mawu ankatha masekondi oposa 5 asanazilale. Iye ankagwira ntchito usiku, kunja kuli zii. Ankaliza chitoliro cha limba, wotchi ili m'manja, kenako n'kumalowetsa makhushoni obwereka ku Sanders Theatre, kuyezanso, kuwonjezera ena, kuyezanso. Anapeza kuti nyumba ikakula mawu amachedwa kuzilala, ndipo zinthu zofewa zikachuluka amazilala msanga. Masamu akewo anathandiza pomanga Symphony Hall ya ku Boston, yotsegulidwa mu 1900, imene oimba amaitamabe mpaka lero.

Ntchito ya kompyuta pa nkhaniyi inapita patsogolo mu 1968 ku Trondheim, m'dziko la Norway, pamene Asbjørn Krokstad, Svein Strøm ndi Svein Sørsdal anafalitsa njira yawo. Amajambula holo m'kompyuta, n'kuiuza kuti apa ndi njerwa, apa matabwa, apa mipando. Kuchokera pamene woimba adzaime, kompyuta imaponya mizere yambirimbiri mbali zonse, n'kumatsatira uliwonse pamene ukunjanja m'makoma ngati mpira, mpaka utafika pa mpando wa womvera. Imawerengera kuti wafika mochedwa bwanji komanso watsala ndi mphamvu zingati. Mapulogalamu a masiku ano, monga ODEON ya ku Denmark, amalola womanga kuvala mahedifoni n'kumva kwaya ali pampando wakumbuyo wa holo imene maziko ake sanakumbidwe.

Chimandipweteka n'chakuti mipingo yathu imasonkha ndalama zaka zambiri, n'kudzaganiza za mawu denga litakhomedwa kale. Kenako amagula masipika akuluakulu, omwe amangowonjezera phokoso lobwereralo.

Inu yesani chonchi: tchalitchi chikakhala chopanda anthu, imani pakati, ombani m'manja kamodzi, mumvetsere. Polalikira pamafunika kuti phokosolo lizilale pa sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Likapitirira kwambiri, pachikani makatani okhuthala kukhoma lakumbuyo, ikani siling'i yofewa pansi pa malata, ndipo masipika akhale ang'onoang'ono angapo, oyang'ana kwa anthu, osati kukhoma.