Za Kasungidwe ka Nkhalamba m'Dziko Lathu

Pa masiku ano a cikondwerero, pamene tiwerenga zaka za misyoni yathu, nkoyenera kukumbukanso umo makolo athu anasungira nkhalamba zao, ndi umo kasungidweko kanasinthira.

Kale mwa Acewa wokalamba sanali kusowa womusonkhera moto. Mkamwini anali kukhala kwao kwa mkazi, nalimira apongozi ace. Adzukulu aakazi anali kugona m'kuka mwa agogo, natunga madzi, natola nkhuni, agogowo nawaphunzitsa mwambo. Pa cidyerano mbale ya nkhalamba siinali kuiwalika.

Koma Azungu ataika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna anayamba kupita ku Halale ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo ena anasanduka machona osabweranso. Munda wa nkhalamba unatsala m'manja mwa ana aakazi. Pa njala ya 1949, imene inasautsa koposa dera la Blantyre, cibale cinazilala, okalamba ena nasiyidwa okha, kufikira Boma linatsegula misasa yodyetseramo ofooka. Ndipo Edzi itaoneka m'dziko muno m'caka ca 1985, katundu anatembenuka: iwo oyenera kusungidwa ndiwo anasenza ana amasiye.

Thandizo la Boma linadza mocedwa. M'caka ca 2006 ku Mchinji kunayamba Mtukula Pakhomo, ndalama zopatsidwa kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira nchito, monga banja limodzi mwa khumi. Pofika 2018 anafalikira m'maboma onse 28. Ambiri a mabanjawo ndi a agogo olera adzukulu. Lamulo la penshoni la 2011 linathandiza olembedwa nchito, koma mlimi wa khasu silinamfikire. M'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza okalamba. Ndipo tisaiwale kuti kunenera munthu ufiti ndi mlandu kuyambira 1911, ngakhale kufikira lero nkhalamba zina zimapirikitsidwa m'midzi cifukwa ca imvi zao.

Zonsezi nzabwino, komatu ndalama sizitembenuza wodwala pamphasa. Nchito imeneyo igwera mwana wamkazi kapena mdzukulu, amene munda wace umera udzu ndi sukulu yace iima. Apa mpamene amai a Cigwirizano ndi a Mvano, pamodzi ndi madikoni, akhala akugwira nchito yosaoneka: kuceza, kusinja, kucapa, kufolera denga mvula isanadze, kuti wosamalayo apumeko.

Tsono inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, werengani nkhalamba za m'midzi yanu, mudziwenso amene azisunga. Mfumu ndi a ofesi yosamalira anthu ku boma amve maina ao. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma ife tikupenya, moto wa mawa tidzauzimira kuti?