Bulugamu Amene Tinadzala pa Kasupe

Anzanga amene tinali limodzi pa sukulu yathu kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mukukumbukira tsiku la 21 Januwale. Boma la Dr. Kamuzu Banda linakhazikitsa tsikuli m'chaka cha 1976 kuti likhale lodzala mitengo m'dziko lonse. Tinkafola m'mamawa, khasu lili paphewa, aliyense n'kulandira mbande zake m'timachubu takuda. Mitundu yake inali iwiri basi: bulugamu ndi malaina. Kalasi yathu inapatsidwa malo a kumunsi kwa bwalo la mpira, pa kasupe paja tinkachapa mayunifolomu Loweruka. Tinayamba ndi kugwetsa mitengo ya katope ndi mikuyu iwiri imene inali pamenepo, poti ati linali tchire, kenaka tinadzala bulugamu m'mizere yowongoka bwino. Amene anagwira chingwe choongolera mizereyo ndi ine ndemwe.

Chaka chatha ndinapitako. Bulugamu uja anakula ndithu, koma pansi pake pali mbee ngati posesa, ndipo kasupe anaphwa kalekale. Sindikuloza chala aphunzitsi athu ayi. Iwo ankachita zimene dziko lonse linkakhulupirira, zoti mtengo ndi mtengo basi, bola ukule msanga.

Maganizo amenewa anayamba ife tisanabadwe. Atsamunda ankafuna matabwa, milongoti ndi nkhuni zowotchera tiyi ndi fodya, tsono anabweretsa mitengo yofulumira kukula: bulugamu wa ku Australia, malaina a ku Asia ndi paini wa ku Mexico. Titalandira ufulu mu 1964 ntchitoyi inakulirakulira. Ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kunadzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, makamaka a paini, pofuna kudzapanga mapepala, ngakhale kuti fakitale yake sinamangidwe. Mitengo imeneyi ndisainyoze, pakuti madesiki athu ambiri ndi madenga a nyumba zathu zinachokera kumeneko. Cholakwa chinali kuidzala paliponse, ndi kuiwala yathu.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mtengowu sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi, koma pamwamba pa phiri limeneli, kuyambira pa mamita ngati 1,800 kupita m'mwamba, kumene kumagwa nkhungu ndi chiperoni. Mzungu wa ku Scotland, Alexander Whyte, anakwera phirili mu 1891 natenga nthambi zake kuti akatswiri akazione, n'chifukwa chake dzina lake la m'mabuku ndi Widdringtonia whytei. Thabwa lake limanunkhira ndipo chiswe sichilidya, motero macheka sanachedwe kufika. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unatchedwa mtengo wa fuko lathu. Koma ulemu wonsewo sunaupulumutse. Paini amene anadzalidwa ku Chambe anayamba kufesa yekha n'kulanda malo amene mkungudza ukanamera. Mu 1986 kunabuka nsabwe za m'mitengo zochokera kunja zimene zinaumitsa yambiri. Moto wa osaka mbewa ndi nyama unapsereza timitengo tating'ono, ndipo ocheka matabwa mozemba anamaliza yotsalayo. Pofika 2004 unatsala pa mahekitala ngati 845, ndipo akatswiri atayendera phirili mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi a kafukufuku wa za nkhalango ku Zomba ndi anthu a m'midzi yozungulira, anafesa ndi kudzala mbande zoposa 500,000. Zambiri sizinapulumuke. Apa ndi pamene pali phunziro londidabwitsa: ngakhale pa phiri lake lomwe, mkungudza uli ndi malo ake. Mu mdima wa nkhalango yothithikana sukula, ndipo pa udzu wa poyera moto ndi chisanu zimaupha. Umakonda m'mphepete mwa nkhalango, pamene pali kuwala komanso tizitsamba toutchinga ukadali wanthete.

Agogo athu ankadziwa zimenezi popanda buku. M'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe ndi kwao kwa katope, mkuyu ndi mbawa. Mizu yake imagwira gombe, mthunzi wake umasunga chinyontho, ndipo nkhuyu zimaitana mbalame ndi mileme zimene zimabwera ndi njere za mitengo ina. M'zigwa zotentha monga ku Salima ndi ku Bwanje, mlimi sadula msangu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene ina yonse ikuphukira, choncho chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi. Ku Liwonde, pa dothi lamakande lotentha, ndi kwa tsanya, ndipo mlambe ndi bwemba ndi za ku chigwa ndi kunyanja. Mukatenga tsanya kukadzala ku Dedza mungotaya thukuta.

Pa zitunda za nsangalabwi, ngati chija chili kuseri kwa nyumba zogona anyamata, ndi pa mombo, tsamba ndi msuku. Ndani mwa ife sanathawepo sitade ya masana kukatola masuku kumeneko? Bowa wa manyame amene tinkazula mvula ikagwa amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo imeneyi. Mukaidula nayenso amapita, pamodzi ndi matondo amene amadya masamba ake. Mitengo ya mtunduwu imachedwa kwambiri ikachokera ku nazale, chifukwa zaka zoyamba imatha ikuzika mizu pansi. Koma chitsa chake sichifa msanga. Malo otere safuna khasu kwenikweni, amafuna kuwatchinjiriza ku moto wa mu Okutobala, ku mbuzi ndi ku nkhwangwa, kenaka kupatulira mphukira kuti pa chitsa patsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu.

Ndalemba zonsezi chifukwa ndamva kuti komiti yathu ikufuna kugula mbande ndi ndalama zimene tinasonkha, kuti zidzalidwe m'nyengo yodzala mitengo imene masiku ano imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Pempho langa kwa a wapampando ndi lakuti tisanagule kanthu, tiyambe tayendera malo onse a sukulu pamodzi ndi mlangizi wa za nkhalango ndi akuluakulu a m'mudzi woyandikana nafe, atiuze chimene chinkamera pati. Bulugamu wa nkhuni za kukhitchini akhale ndi munda wake kumtunda, kutali ndi madzi. Wa pa kasupe uja adulidwe, zitsa zake zizulidwe poti amaphukiranso, ndipo matabwa ake akonzere madesiki. Mbande za katope ndi mkuyu zobwezera pamenepo ndidzagula ndine.