MPIKISANO WA NJINGA ZA MOTO M'MATOPE

Chiyambi Chake

M'chaka cha 1924, pafupi ndi mudzi wa Camberley ku England, anthu anachita mpikisano wachilendo. Anasiya msewu wosalala nathamangitsa njinga zao za moto m'tchire, m'zitunda ndi m'matope. Lamulo linali limodzi: woyamba kufika ndiye wopambana. Angerezi anawatcha masewerawa scramble, koma atafalikira ku Belgium, France ndi Sweden, dzina limene linamveka ponseponse ndi motocross.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maiko anayamba kupikisana. Mpikisano woyamba wa maiko unachitika ku Netherlands m'chaka cha 1947, ndipo Angerezi anapambana. Kuyambira 1957 kunakhala mpikisano wofuna katswiri wa dziko lonse, ndipo woyamba kulandira ulemuwo anali Bill Nilsson wa ku Sweden.

Njinga Zolemera

Njinga za masiku amenewo zinali zolemera ndithu, pafupifupi makilogalamu 150, ndiko kunena matumba atatu a chimanga. Masipuling'i ake anali aafupi, kotero kuti njinga ikadumpha chitunda ndi kutera pansi, kugunda konse kunalowa m'miyendo ndi m'msana mwa wokwera. Chifukwa chake wokwera sanali kukhala pansi kawirikawiri. Anali kuimirira, mawondo atapinda, manja atagwiritsa. Akagwa m'dambo anayenera kudzutsa yekha chitsulo chonsecho. Anthu anali kukhulupirira kuti masewerawa ndi a munthu wa thupi lalikulu ndi njinga yaikulu.

Nzeru za Jeff Smith

Kampani ya BSA, ya mu mzinda wa Birmingham, inali ndi wokwera wake dzina lake Jeff Smith. Iye anali wodekha, wosakonda kudzionetsa, ndiponso anali kudziwa zitsulo za njinga yake monga mlimi adziwa khasu lake. Smith ndi amisiri anzake anaona chimene ena sanachione: kuti m'matope kulemera ndiko mdani. Tsono anatenga injini yocheperapo kusiyana ndi ya anzao, nachotsa chitsulo chilichonse chosafunika, kufikira njingayo inangopitirira pang'ono makilogalamu 100.

M'chaka cha 1964 Smith anaposa Rolf Tibblin wa ku Sweden, amene anali katswiri zaka ziwiri zotsatana, ndipo mu 1965 anapambananso. Zaka zimenezo anthu ambiri a ku England anali kuonera mipikisano yotere pa wailesi ya kanema ya BBC m'nyengo yozizira, ndipo maina a okwera anadziwika m'nyumba zambiri.

Injini Yatsopano

Koma nzeru ya kupepuka sinali ya Angerezi okha. Injini ya BSA inali kuyatsa petulo kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Amisiri a CZ ku Czechoslovakia ndi a Husqvarna ku Sweden analimbikira mtundu wina wa injini, umene uyatsa petulo pa kuzungulira kulikonse. Injini yotere ili ndi zitsulo zochepa m'kati mwake, motero ikhala yopepuka, yosavuta kukonza, ndi yotsika mtengo.

Poyamba injinizi zinalamulira pa mpikisano wa njinga zazing'ono. Torsten Hallman wa ku Sweden anapambana kanayi pa Husqvarna pakati pa 1962 ndi 1967. Joël Robert wa ku Belgium anakhala katswiri pa CZ mu 1964 ali ndi zaka 20 zokha, ndipo pa moyo wake anapambana kasanu ndi kamodzi.

Mu 1966 a BSA anayesa kudziteteza. Anapanga njinga ya chitsulo chopepuka cha mtengo wapatali chotchedwa titanium. Koma chitsulocho chikathyoka, kuchiwotcherera kunali kovuta kwambiri kutali ndi fakitale. Chaka chomwecho Paul Friedrichs wa ku East Germany anatenga ukatswiri wa njinga zazikulu pa CZ, nausunga kufikira 1968. Kuchokera pa kupambana kwa Smith kuja, injini ya mtundu wakale sinapambanenso pa mpikisano umenewu kufikira 1993.

Kutha kwa Nyengo

Amisiri a ku Japan anali kupenyetsetsa zonsezi. Kampani ya Suzuki inalemba ntchito Joël Robert, ndipo mu 1970 iye anaipatsa ukatswiri wake woyamba. Mnzake wa ku Belgium, Roger De Coster, anapambana kasanu pa Suzuki pakati pa 1971 ndi 1976. Pamenepo BSA inali m'mavuto a ndalama. Mu 1971 inatseka nyumba yake yokonzeramo njinga za mpikisano, ndipo pofika 1973 kampaniyo inagwa. Antchito ambiri a ku Birmingham anataya ntchito zao.

Akuluakulu amati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Momwemo zinachitika m'masewerawa: kanjinga kopepuka kanaposa chinjinga cholemera, ndipo amene anayamba kuzindikira zimenezi anagonja kwa ena amene anazitsata kufikira mapeto. Lero lino njinga zakalezo sizinatayidwe. Ku England ndi ku maiko ena amuna a imvi amazikonza m'nyumba zao, ndipo pa masiku oikika amazitulutsa nathamanganso nazo m'matope, ana ndi adzukulu ao alikupenya.